Shuga wa Amake Kirna

Alamu anga a Malkit Kaur anakwatiwa ndi achimwene anga a Jagroop ine ndili kamtsikana kosatha n'kuluka komwe tsitsi langa. Anachokera kumudzi wina wa cha ku Budhlada. Anali mayi wamtali, wamapewa otambasuka, ndipo akaitana munthu mawu ankamveka mpaka kutsidya kwa ngalande yothirira minda. Malemu amayi athu atawaona anangoti, "Uyu ndiye adzatidyetse." Sananame.

Munda wathu unali wochepa, choncho achimwene ankayendetsa thirakitala ya eni minda ikuluikulu. Nyumba inkaima ndi alamu. M'mamawa ankakama njati zathu ziwiri zoweta, nyengo ya thonje ankakatola thonje, koma chomwe anatchuka nacho n'kuotcha roti, buledi wopyapyala wa tirigu, pamaukwati. Ankanjuta pambali pa uvuni wadothi kuyambira dzuwa lisanatuluke, kuomba mtanda m'manja, kuweramira m'moto n'kumata roti kukhoma la uvuni, kwinaku pakamwa posapuma. Mwamuna akabwerera kachitatu ndi mbale ankamufunsa pagulu kuti, "Mimba imeneyo ndi yako, kapena wabwereka ya njati?" Anthu ankafa nalo phwete, ndipo wonyozedwayo ankasekanso, poti roti za amake Kirna zinalibe zinzake.

Kirna ndiye anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Ine ndinabwerera panyumbapo amuna anga atamwalira, apongozi atandionetsa msana wa njira. Alamu anandilandira pachipata, nandilanda chikwama.

"Banso, chipinda chako n'chomwe chija," anatero. "Koma ndowe za njati n'zako. Usaganize kuti wabwera kutchuthi."

Chaka china, pochokera kotola thonje, ngolo ya thirakitala yodzaza amayi inapendekeka pokhota n'kugwera m'ngalande. Ena anangokalika m'mikono. Alamu anagwa chagada pachitsulo. Dokotala wa ku Mansa anawajambula n'kunena kuti palibe chathyoka, koma mafupa a m'chiuno akupanikiza mtsempha. Anawalembera mapiritsi opha ululu oti amwe kwa kanthawi kochepa, ndipo anawauza kuti apume.

"Ndipume? Njati adzakama ndi iyeyo?" anatero alamu tikutuluka.

Mapiritsiwo anagwira ntchito. Sabata isanathe anali atabwerera pauvuni. "Anthu ophunzira si masewera, Banso," ankandiuza. "Kanthu kochepa chonchi, msana zii!" Atatha a kuchipatala anapita kushopu ya mankhwala ya pasiteji ya basi, ndipo mwini shopuyo sanafunse za pepala la dokotala. Limodzi la m'mawa linasanduka awiri. Kenaka anayamba kumwanso masana.

Ndinayamba kupeza timapepala tasiliva topanda kanthu m'malo odabwitsa: mu mulu wa ndowe zouma zosonkhezera moto, pansi pa chitini cha ufa, m'thumba la chakudya cha njati. Ndinawapeza tsiku lina akugona chokhala, chipumi atatsamiritsa pamimba pa njati, mkaka ukudonthera pansi. Mapiritsi akatha ankayasamula mosalekeza, thukuta kamukamu kunja kukuzizira, ndipo ukangowalankhula ankakulumira. M'mudzi mwathu zizindikiro zimenezi sitichita kufunsa. Tinali titaperekeza kale anyamata angapo kumalo owotchera mitembo chifukwa cha zomwezi. Koma aja anali anyamata. Za mayi wa pabanja, wopita kukapemphera kugurdwara m'mawa uliwonse, palibe akanaganiza.

Ulendo woyamba wothamangira nawo kuchipatala unayambira paukwati, dzuwa lili paliwombo. Alamu anagwa pambali pa uvuni, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa, lilime atadziluma. Amayi anzawo anakuwa kuti, "Khunyu! Khunyu!" Achimwene anathamanga kuchokera kumunda, ndipo tinawakweza pangolo ya njinga yamoto ya munthu wogulitsa masamba mpaka kuchipatala cha boma, kuchipinda cholandirira odwala mwakayakaya.

"Amwa chiyani?" anafunsa namwino.

"Palibe. Shuga watsika basi, sanadye m'mawa," anayankha achimwene.

Anawabaya jakisoni woletsa kugwedezeka, nawaika diripi. Dzuwa likupendeka alamu anatsegula maso n'kufunsa ngati roti zinakwanira. Dokotala wachinyamata anaitanira achimwene pambali. "Bambo, shuga wa mayiwa ali bwino kuposa wanga. Pali china chomwe simukundiuza." Achimwene anangoyang'ana khoma.

Titafika kumudzi, aliyense wobwera kudzazonda anauzidwa kuti ndi shuga. Khunyu achimwene sakanalola kulitchula, chifukwa anthu amati limayenda m'magazi, ndipo Kirna anali atafika msinkhu wofunsiridwa. Za mapiritsi ndiye zosayerekeza n'komwe. Shuga ndi matenda aulemu, amadwala ngakhale eni mathirakitala. Amayi a m'mudzi ankabweretsa masamba a nimu oti alamu azitafuna, ndipo pamaso pa alendo alamuwo ankamwa tiyi wopanda shuga nkhope atakwinya. Alendo akangotuluka ankathira masipuni atatu.

Tsiku lina tili awiri m'khola ndinalimba mtima. "Alamu, timapepala tija ndimationa."

Anasiya kukama n'kundiyang'ana. "Msanawu ndi wako kapena wanga? Ukudziwa mmene zimakhalira kudzuka m'mawa ngati wina wakukhoma msomali m'chiuno? Mkaka ukumwawu umachokera mumsana momwemu."

Ndinauza achimwene. Iwo anafufuza nyumba yonse, nasonkhanitsa mapiritsi onse n'kukawataya m'ngalande. Zomwe zinatsatira sindidzaiwala. Alamu anagubuduka pansi, kusanza, kutsegula m'mimba, kulira kuti mafupa akuphwanyika. Anapempha, anatukwana, anagwira mapazi a amuna awo. Mapeto ake achimwene omwewo anapalasa njinga kupita kusiteji. Anabwera ndi mapiritsi a mtundu wina, ofiira, omwe mwini shopu anati ndi amphamvu kotero munthu safunika kumwa ambiri.

"Kirna akakwatiwa tidzaona chochita," anandiuza osandiyang'ana. "Panopa tseka pakamwa, Banso."

Ulendo wachiwiri anawapeza ndi Kirna, atagwa mosambira. Mtsikanayo anali atamaliza koleji ndipo ankaphunzitsa ana a m'mudzi masamu pakhonde. Anaima pambali pa bedi la kuchipatala n'kumva bambo ake akunenanso za shuga. Anayang'ana bambo akewo nthawi yaitali. Pobwerera, m'basi, achimwene anamuuza chapansipansi kuti, "Zonsezi tikuchitira iwe, mwana wanga." Kirna anatembenukira kuwindo.

Pasanapite nthawi a Bhuro, mayi wolumikiza mabanja m'dera lathu, anabweretsa nkhani yabwino. Kunali banja la a Hardam Singh, omwe anapuma pantchito ya zamagetsi, ndipo mwana wawo Simarjot ankagwira ntchito kubanki. Mnyamatayo anaonana ndi Kirna kugurdwara ya kutauni, ndipo anakondana. Madzulo Kirna ankakwera padenga ndi foni, n'kutsika akumwetulira yekha. Anagwirizana tsiku loti akuchimuna abwere ndi maswiti ndi chunni, nsalu yofiira yodzamufunditsa kumutu, kusonyeza kuti mtsikana watengedwa.

Tsikulo alamu anadzuka nkhuku zisanalire. Anakolopa, anaphika ndiwo za mitundumitundu, anakanda mtanda, anawiritsa mpunga wamkaka. Ndinawaona kangapo akugwira m'chiuno n'kuluma mlomo. Ndinawaonanso akulowa kuchipinda kawiri, katatu.

"Alamu, khalani pansi, ndimaliza ine."

"Lero ayi. Lero andione nditaima chilili ngati mayi wa munthu."

Alendo anafika masana pagalimoto yoyera: a Hardam, akazi awo, Simarjot ndi a Bhuro. Tinawakhazika pamabedi azingwe pabwalo. Alamu anagawa tiyi ndi manja awo, ndipo anaseketsa aliyense. Anauza Simarjot kuti ndi woonda ngati nzimbe ya chaka cha chilala, koma asadandaule, apongozi ake amunenepetsa. Kirna anatuluka atavala zapinki, maso pansi. Kenaka alamu anati akatenge mpunga wamkaka, nalowa kukhitchini.

Tinadikira. Nkhani zinayamba kutha. Achimwene anandiyang'ana, ine n'kunyamuka.

Ndinawapeza atakhala pansi, msana kukhoma, mutu uli pachifuwa. Ulendo uno sankagwedezeka. Milomo inali itachita ngati phulusa, ndipo ankapuma kamodzi n'kukhala chete nthawi yaitali, kenaka n'kukoka mpweya mwa mkonono. Ndinawagwedeza, ndinawamenya mbama, ndinawathira madzi. Palibe. Ndinakuwa.

A Hardam ndiwo anayamba kufika pakhomo la khitchini. Sanafunse zambiri. "Nyamulani, galimoto ilipo," anatero, ndipo iwo eni anagwira kumiyendo. Akazi awo, Simarjot ndi a Bhuro anatsala pabwalo ndi makapu m'manja. Achimwene anakhala kutsogolo, ine ndi Kirna kumbuyo, alamu titawagoneka pamiyendo pathu. Njira yonse Kirna anaika dzanja pamphuno pa amake, akuitana, "Amayi, pumani. Amayi!"

"Ndi shuga," achimwene ankauza a Hardam. "Amawavuta kawirikawiri."

"Musadandaule, achimwene, akazi anganso ali naye," anayankha bambo aja, akuliza hutala kuti ngolo za thonje zipatuke.

Kuchipatala kunali kodzaza. Wina anali atagwa panjinga yamoto, magazi ali chuchuchu, ndipo gogo wina ankabuula pansi. A Hardam ankadziwa kulankhula ndi anthu a m'maofesi. Mwakanthawi kochepa alamu anali pabedi, ndipo panafika dokotala wamkazi, wamfupi, wamagalasi, wooneka kuti sanakhale pansi chiyambire m'mawa. Anabaya chala cha alamu n'kuyang'ana kamakina. Anawatsegula chikope n'kuwalitsa tochi.

"Shuga ali bwinobwino. Koma taonani diso ili, kamwana kake kachepa ngati njere ya mpiru. Amwa chiyani mayiwa?"

"Ndi a shuga, adokotala. Chipatala chino chikuwadziwa."

"Bambo, ndilibe nthawi. Diso limachita chonchi ndi zinthu ziwiri zomwe timaona kuno tsiku ndi tsiku, mankhwala opopera thonje kapena mapiritsi opha ululu. Jakisoni wake ndi wosiyana. Mukandisocheretsa, mayiwa atisiya pabedi pomwepa."

Achimwene anayang'ana a Hardam, amene anaima pafupi atagwira nsapato za alamu zomwe zinavuka pakhomo. Bambo aja, pofuna kuthandiza, anati, "Kapena munapopera thonje dzulo? Mwina anagwira chigubu osasamba m'manja."

"Mwina," anatero achimwene. "Inde, mwina ndi zimenezo."

Dokotala anatembenukira kwa namwino kuti atchule mankhwala. Pamenepo Kirna analankhula.

"Si za thonje. Chaka chino sitinapopere n'komwe. Ndi mapiritsi opha ululu, ofiira. Amamwa tsiku lililonse, ndipo lero amwa ambiri."

"Kirna!" anakuwa achimwene.

Mtsikanayo anapisa dzanja m'malaya mwa amake, pachifuwa, n'kutulutsa kapepala kasiliva kotsala piritsi limodzi. Anakapereka kwa dokotala. Dokotala anangokayang'ana kamodzi, naitanitsa jakisoni wina, n'kutithamangitsa tonse. Ndinasuzumira pakatani. Atangowabaya, sipanapite nthawi, alamu anakoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'chitsime. Anasanza, anayesa kuzula diripi, natukwana namwino. Sindinasangalalepo ndi kutukwana ngati tsiku limenelo.

Panja achimwene anakhala pansi m'khonde, nkhope ataikwirira m'manja. A Hardam anapita kukagula tiyi n'kutigawira. Anaika dzanja pamutu pa Kirna.

"Wachita bwino, mwana wanga. Wapulumutsa amako."

Anapereka nsapato zija kwa ine, natsanzika kuti akatenge banja lawo lomwe linatsala kwathu. Madzulo nditapita kukakama njati ndinapeza bokosi la maswiti lili pabedi lazingwe, koma chunni chofiira anabwerera nacho.

M'mawa mwake alamu anali atatsitsimuka, atagona m'chipinda cha amayi. Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Alendo aja?"

"Anapita," ndinayankha.

"Akudziwa?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Wanena ndani?"

"Ndine, amayi," anatero Kirna.

Alamu anatseka maso. Ndinkayembekezera kuti alira, kapena amukumbatira mwanayo. M'malo mwake anati, "Ukanandisiya. Mwana wa mayi womwalira ndi shuga amakwatiwa. Mwana wa mayi wa mapiritsi amufuna ndani?"

"Ndiye chunni chija akanandifunditsa pamaliro anu?"

"Ndakulera ndi msana uwu kuti udzatuluke m'nyumba muja ndi ulemu. Wataya zonse ndi pakamwa pako."

Anatembenukira kukhoma. Kirna anatuluka, ndipo ndinamupeza kuseri kwa chipatala, pamalo ochapira, ataima chabe, atavalabe zapinki za dzulo zothimbirira ndi masanzi.

A Bhuro anabwera patapita masiku. Anakana tiyi. Anati a Hardam akunena kuti mtsikanayo ndi golide, koma mayi a mnyamata aganiza kuti mwana wawo ayambe wayesa mwayi wa ku Canada, za ukwati zidzaoneka m'tsogolo. Tonse tinamva tanthauzo lake. Foni ya Simarjot inkangoitana osayankhidwa, kenaka inasiya n'kuitana komwe. Ndipo poti a Bhuro amalowa nyumba iliyonse m'midzi yozungulira, nkhani inafika kulikonse ife tisanatuluke pachipata.

Dokotala wamagalasi uja anatitumiza kukachipatala kena komwe amapereka piritsi loika pansi pa lilime, lothandiza munthu kusiya popanda kugubuduka pansi. Ndinkawaperekeza alamu. Pamzere panali amuna okhaokha: madalaivala, aganyu a m'minda, anyamata omwe tinawaona akubadwa. Alamu anaphimba nkhope yonse ndi chunni, koma msinkhu wawo ndani sakanauzindikira?

"Aa, si azakhali a roti awa?" anatero mnyamata wina mokweza. Mzere wonse unatembenuka.

Alamu anavundukula nkhope. "Ndine ndemwe. Nanga iwe si mwana wa Gelo, unakodzera pa mphasa paukwati wa mlongo wako? Yang'ana kutsogolo."

Anthu anaseka, mnyamatayo anawerama. Koma titakwera basi alamu anaphimbanso nkhope njira yonse, ndipo sabata yotsatira anakana kupita. Ndinachita kuwakoka.

Oitana kumaukwati anasiya kubwera. Ena ankati akuopa kuti adzagwera mu uvuni, ena sankanena chifukwa. Amayi omwe ankabweretsa masamba a nimu anayamba kudutsa pachipata chathu mofulumira. Makolo anachotsa ana awo pakhonde la Kirna mmodzimmodzi. Achimwene sanamukalipire mwana wawoyo, koma anasiya kumulankhula. Akafuna madzi ankauza ine, Kirna ali pomwepo ndi jagi m'manja. Tirigu atakololedwa, Kirna analongedza chikwama n'kupita ku Ludhiana, komwe anapeza ntchito pafakitale yopota ulusi. Amagona m'nyumba ya atsikana a pafakitalepo.

Alamu anasiya mapiritsi ofiira kwa miyezi ingapo, kenaka nyengo yotentha anayambiranso kuwamwa, ndipo tinathamangiranso kuchipatala. Anapulumuka. Panopa ali pa piritsi la pansi pa lilime, ndipo masiku ambiri amakhala bwino. Anaonda, mawu aja anachepa, ndipo msana ukuwawabe. Njati imodzi tinagulitsa. Akachedwa kutuluka mosambira ndimapezeka ndaima pachitseko, khutu kuthabwa. Shopu ya pasiteji inatsekedwa ndi apolisi, koma inatsegulidwa ina kuseri kwa msika, ndipo alamu akudziwa njira yake monga ndikuidziwira ine.

Kirna anabwera pa chikondwerero cha Lohri, m'nyengo yozizira. Amake anamuphikira mpiru ndi roti za chimanga, nathira batala wambiri. Masana anamukhazika padzuwa kuti amudzoze mafuta m'tsitsi. Ndinkawaonera ndili kukhola. Anakamba za kuzizira, za mtengo wa ufa, za njati yomwe ili ndi bere. Kenaka Kirna anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa amake.

"Ukundiyang'ana m'maso ngati dokotala bwanji?"

"Ndikungokuyang'anani, amayi."

"Tembenuka, ndisakuthire mafuta m'khutu."

Zinathera pomwepo. Kutacha ndinamuperekeza kusiteji. Kunali chifunga choti sungaone munthu ali patsogolo pako, ndipo tinaima titafunda mashawelo mpaka m'mphuno.

"Azakhali, ndinalakwa?"

"Ayi, mwana wanga. Amako ali moyo chifukwa cha iwe."

"Nanga bwanji m'nyumba muja aliyense amandiona ngati ndinapha munthu?"

Ndinangomukonzera shawelo paphewa. Basi inatulukira m'chifunga nyali zili zoyaka, kondakitala akukuwa za Ludhiana, ndipo Kirna anakwera.